Banja la munthu wa ku Mukobeko

Mukakwera basi ya ku Kabwe m'mamawa pa Chiweru, yang'anani bwino amene muli nawo. Nthawi zina mupezamo amayi ena ali na chikwama cha ukwa pamiyendo, mkati muli sopo, shuga, kapenta na Vaseline. Kondakita akafunsa kumene aseluka, amangoti "Kabwe", basi. Sangakambe kuti akafika afunika kukwera ina motoka kupita ku Mukobeko Maximum, kumene mwana wawo ali mu jele chifukwa chopha anthu angapo, mmodzi pambuyo pa wina.

Nkhope ya wakuphayo tonse tinaiona pa Facebook na pa nyuzi. Amene sitiwafunsa ni aja anali kudya naye nsima mbale imodzi.

Vuto lawo limayamba tsiku limene apolisi abwera kumutenga. Komboni ikakwiya siyembekeza High Court. Mukumbukira April 2016, mitembo itapezeka ku George na madera apafupi: mphekesera chabe inakwanira kuti anthu aphwanye na kuba m'mashopu a anthu a ku Rwanda. Manje ganizirani nyumba imene aliyense adziwa kuti wakuphayo anali kugona momwemo. Ba landilodi sachedwa: "Amake mwana, mundikhululukire, sinifuna kuti anitenthere nyumba." Kantemba ka mkazi kaleka kugulitsa, ngakhale tomato imodzi. Ku chilimba amuuza kuti mwezi uno ayambe wapumulako. Pa pompi, akafika na chigubu, nkhani zonse zii. Ambiri amasamuka usiku, kuchoka ku Kanyama kupita ku Chawama olo kumudzi ku Petauke, kulikonse kumene palibe angawazindikire.

Funso limene mkazi amamva moyo wake wonse ni lakuti, "Sanadziwe bwanji?" Ni funso labwino, koma tiyeni tikambe zoona. Mu Lusaka muno amuna angati amachoka mumdima ati apita ku pisiweki, ena ati ali pa shifiti ya ulonda, n'kubwerako mawa lake? Ndani amawalondola? Munthu amapha kangapo osagwidwa chifukwa chakuti adziwa kubisa, ndipo oyamba kuwanamiza ni a m'nyumba mwake. Wachibale amene anathandizako, apolisi akapeza umboni, naye amayankha mlandu wake ku khoti. Amene sanapezeke na mlandu, lamulo lilibe naye kanthu. Ni ife aneba amene timapitiriza kumuweruza.

Ana ndiye amasenza katundu wolemetsa, dzina. Kusukulu mfana amaleka kuitanidwa dzina lake, asanduka "mwana wa uja". Akakwanitsa zaka 16 apita kukatenga NRC, ndipo apa mabanja ena amakhala pansi kukambirana ngati asunge dzina la atate ake kapena atenge la kuchikazi. Mtsikana akapeza womukwatira, a kuchimuna ayamba kufufuza mtundu, ndipo nkhani ikatuluka mumva azakhali ena ati "magazi aja ni oipa". Ena amaopa chiwanda cha ophedwa, kuti chidzalondola banja lonse, motero ndalama zochepa zimene zilipo zimathera kwa aneneri na asing'anga. Kupha sikuyenda m'magazi monga sikelo selo. Mwana wa giredi 3 sanasankhe atate ake.

Mkati mwa banja namo muli nkhondo. Mkulu wake wa wakuphayo ati, "Ine nilibe mng'ono, anafa kale." Mlongo wake anachotsa zithunzi zonse pa foni. Amayi ake okha ndiye apitabe, makilomita pafupifupi 140 kuchoka mu Lusaka, kukaima pa mzere, kusechedwa, kumuona nthawi yochepa. Transipoti na zogula zimadya ndalama ya renti. Sapita chifukwa akana kuti mwana wawo anapha. Adziwa bwino. Koma anamubereka kumsana, ndipo zinthu ziwirizi amazinyamula pamodzi. Achibale omwe amawaseka ndiwo amawafunsa mwakachetechete akabwerako, "Nanga mwamupeza bwanji? Waonda?"

Pali china chinasintha chimene ambiri sitiganizira. Kale munthu wotere anali kuweruzidwa kuti anyongedwe, ngakhale kuti Zambia inalekeza kunyonga mu 1997. Mu December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochotsa chilango cha imfa, ndipo mu February 2023 akaidi 390 anawasinthira chilango kukhala jele moyo wonse. Kwa amayi ake inali nkhani yopumitsa mtima. Kwa mkazi ni zovutako: si wamasiye, chifukwa kulibe maliro, koma mwamuna m'nyumba mulibe. Ngati anakwatirana mwamwambo, ukwati ungathere ku local court. Ngati unali wa ku civic centre, afunika kupita ku High Court. Akachita zimenezo, apongozi ati wathawa mavuto. Akakhala, aneba ati anali kugwirizana naye.

Ndiye pali masiku monga 25 May na 24 October, pamene Pulezidenti amakhululukira akaidi ena. Banja lonse limatchera khutu ku wailesi, koma si onse apempha chimodzi. Amayi apempha kuti dzina limveke. Mkazi, amene mwina anaona ukali wa munthu uja asanauone wina aliyense, apempha kuti lisamveke. Palibe amauza mnzake.

Musaganize kuti taiwala mabanja a ophedwa. Awo ndiwo anataya kwambiri. Amapita ku Chingwere kukaika maluwa, sangapereke shuga kwa munthu wawo. Ngati safuna kuona nkhope ya wachibale wa wakuphayo, palibe angawadzudzule. Koma inu na ine, amene tinangomva nkhaniyi mu minibasi, tilibe chifukwa chouzira ana athu kuti asasewere na mfana wa pa nyumba ija, kapena kujambula amayi ake pa msika kuti tiike pa gulu la WhatsApp la komboni. Chithunzi chotere chikazungulira, mawa lake banja liyambanso kufunafuna nyumba ina.