Fyuzi, Mlonda wa Waya wa Wailesi

Chapa zambiri zochoka ku Ulónguè kupita ku Tete zimayenda ndi nyimbo. Madalaivala ena amaika okha wailesi ndi masipika. Ntchitoyi si yovuta, koma waya mmodzi woikidwa mosasamala angathe kutentha galimoto yonse.

Moto wa wailesi umachokera ku batire. Batire la galimoto yaing'ono ndi la mavolti 12. Moto umenewu sugwira munthu ngati magetsi a m'nyumba, n'chifukwa chake anthu amauderera.

Tiyeni tiliyang'ane bwino batirelo. Lili ndi mitu iwiri: wina wolembedwa +, wina wolembedwa −. Mutu wa − ndi wolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Ndiye kuti chitsulo chonsecho chili ngati waya mmodzi wamkulu. Waya wochokera ku + akasupuka n'kukhudza chitsulo, moto wonse wa batire umathamangira pamenepo. Amakanika amati ndi shoti. Waya amafiira ngati khala, pulasitiki wake amasungunuka, kenaka mipando imayaka.

Choletsa ngozi imeneyi ndi fyuzi. M'sitolo mudzaona atalemba pa Chipwitikizi kuti fusível. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala, kamene anakapanga dala kuti kaduke moto ukachuluka. Kakaduka, moto ulibenso podzera.

Koma fyuzi imateteza waya wa kutsogolo kwake kokha. Wina anganene kuti: "Wailesi yanga ili kale ndi fyuzi kumbuyo." Ndi zoona. Nanga waya wautali uja wochokera ku batire, wodutsa pafupi ndi injini, akumulonda ndani? Ngati mwakoka waya watsopano ku batire, ikani fyuzi pafupi ndi mutu wa +, osapitirira masentimita 45. Pamene wayayo akudutsa pabowo la chitsulo, ikanipo labala, chifukwa m'misewu ya mabampu chitsulo chimamudya pang'onopang'ono.

Anzanga, manambala amene taphunzira aja akugwira ntchito pano. Pa fyuzi iliyonse pali nambala ya maampeya. Pa mafyuzi apulasitiki a miyendo iwiri, yofiira ndi 10, yabuluu ndi 15, yachikasu ndi 20, yobiriwira ndi 30. Fyuzi ya 10 ikapsa, timabwezerapo ya 10 yomweyo. Ikapsanso, pali pena pamene waya wasupuka, ndipo tiyambe tapafufuza. Ena amatopa, amangokulunga fyuzi yakupsayo ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kupisapo kawaya. Wailesi imaliradi. Koma ine ndimati munthu wotere wapitikitsa mlonda chifukwa chakuti anakuwa ataona mbala.

Pa mawailesi ambiri ogula m'sitolo, waya wachikasu amafuna moto wosazima wa batire, wofiira amalandira moto mukatembenuza kiyi, ndipo wakuda amamangidwa ku chitsulo chopala bwino, chopanda penti kapena dzimbiri. Mawaya a galimoto yeniyeniyo angakhale a mitundu ina, choncho werengani pepala limene labwera ndi wailesi. Ampulifaya imadya moto wambiri, imafuna waya wonenepa ndi fyuzi yakeyake. Waya wowonda wa nyale amangotentha. Malole ambiri ndi a mavolti 24, ndipo wailesi ya 12 imapsa mukailumikiza popanda chotsitsa moto.

Musanagwire waya aliyense, chotsani kiyi, vulani mphete ndi wotchi, ndipo zimitsani ndudu, chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka. Yambani kumasula mutu wa −. Mukayamba ndi wa +, sipanala ikangokhudza chitsulo ndiye shoti yomweyo, m'manja mwanu. Mukatha ntchito yonse, yang'anani ngati mfundo zonse zalimba ndi kukulungidwa bwino, kenaka mangani mutu wa − pomaliza.