Gotu kola: ndiwo ya ku Sri Lanka yomwe yalowa m'mabotolo a mankhwala

Ku Sri Lanka gotu kola ndi ndiwo. Amagulitsidwa pamsika m'timitolo, pambali pa anyezi ndi tsabola, ndipo palibe amene amaona chodabwitsa pa iye. Koma tsamba lomweli likaumitsidwa, n'kusinjidwa, n'kulongedzedwa m'makapisozi, limayamba kutamandidwa mopitirira muyeso. Otsatsa malonda pa Facebook ndi pa WhatsApp amati limanola ubongo, limachotsa nkhawa, limathamangitsa ukalamba. Ine chomerachi ndimachikonda, ndimachilima ndiponso ndimachidya, n'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva chikunamiziridwa. Ubwino chili nawo ndithu, koma ubwinowo uli ndi polekezera, ndipo munthu ayenera kudziwa malire ake asanapise dzanja m'thumba.

Akatswiri a zomera amachitcha Centella asiatica, ndipo ndi cha banja limodzi ndi karoti. Chimayanga pansi ngati mbatata, n'kumazika timizu paliponse pomwe mfundo yakhudza dothi. Masamba ake ndi aang'ono, ozungulira, a mano osathwa m'mbali, ndipo pomwe phesi lalowera pamakhala kampata. Chimakonda chinyontho: m'madambo, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malire a minda ya mpunga. Chimamera m'maiko otentha a ku Asia, ku Madagascar ndi m'madera ambiri a Africa, ku Malawi komwe, kumene ambiri timangochipondaponda osachizindikira. Si m'bale wa mtedza wa kola, ndipo mulibe kafeini.

Kakonzedwe kake ndinakaphunzira kwa mayi wina wa ku Sri Lanka. Amathothola masamba anthete pamodzi ndi mapesi ake, amawatsuka kangapo, kenako amawafumbata kuti akhale kamtolo kothina, n'kumadula ndi mpeni wakuthwa mpaka atatsala tizidutswa topyapyala kwambiri. Amathiramo kokonati wopala, anyezi wofiira, tsabola wamuwisi, mchere ndi madzi a ndimu, n'kusakaniza ndi zala. Pamoto saikapo. Chakudyachi chimatchedwa sambol ndipo amadyera mpunga. Tsambalo limawawirako pang'ono, koma kokonati amaziziritsa kuwawako, ndipo ndimu amachititsa kuti munthu atapenso kachiwiri. M'mawa kumeneko amamwanso kola kanda, phala la mpunga lophikidwa ndi mkaka wa kokonati ndi msuzi wofinyidwa m'masamba. Ku Vietnam amapanga chakumwa chozizira cha rau má, ku Malaysia amadya pegaga wamuwisi, ndipo ku India buku lakale la zamankhwala la Charaka Samhita limaika chomerachi, chomwe amachitcha mandukaparni, m'gulu la zitsamba zothandiza maganizo. Anthu a ku Sri Lanka amanenanso kuti njovu zimakhalitsa chifukwa chodya masambawa. Chimenechi ndi chikhulupiriro chabe, koma chikusonyeza ulemu womwe amachipatsa.

Mbiri yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Madagascar. Kumeneko asing'anga ankagwiritsa ntchito chomerachi, chomwe amachitcha talapetraka, pa zilonda ndi pa khate. M'zaka za m'ma 1940 asayansi anatsatira nzeru imeneyi n'kupeza m'masamba mwake mankhwala otchedwa asiaticoside. Pierre Boiteau wa ku France ndi Albert Rakoto Ratsimamanga, mwana wa dziko la Madagascar, anafufuza mozama mmene amapoletsera zilonda, ndipo zotsatira zake zinali mankhwala otchedwa Madecassol, omwe akugulitsidwabe mpaka lero. Kagwiridwe kake ka ntchito n'komveka. Munthu akachekedwa, thupi limapanga ulusi wotchedwa kolajeni womwe umalumikiza mnofu kuti bala litsekeke. Asiaticoside ndi anzake atatu, madecassoside, asiatic acid ndi madecassic acid, amalimbikitsa maselo a khungu kupanga ulusi umenewu. N'chifukwa chake mu 1999 bungwe la World Health Organization linaika chomerachi m'buku lake loyamba lofotokoza zitsamba zosankhika, ndipo lero makampani a zodzoladzola a ku South Korea amachiika m'mafuta omwe amawatcha cica. Masamba ochuluka opangira zinthu zimenezi amathyoledwabe ndi manja m'madambo a ku Madagascar, makamaka ndi amayi a kumidzi.

Pa khate pokhapo zinthu zinasintha. Kuyambira mu 1981 matendawa amachiritsidwa ndi mankhwala ophatikiza a rifampicin, dapsone ndi clofazimine, ndipo kuyambira mu 1995 mankhwalawa amaperekedwa mwaulere. Amene waona chigamba choyererako pakhungu, chomwe sichimva akachikhudza, athamangire kuchipatala. Tsamba lingathandize chilonda kupola, koma kachirombo koyambitsa khate kamafuna mankhwala a kuchipatala.

Kwina kumene chomerachi chaonetsa phindu ndi pa miyendo. Pali anthu omwe mitsempha ya m'miyendo mwawo imalephera kubweza bwino magazi kumtima, moti pofika madzulo akakolo amakhala atatupa ndipo miyendo imalemera. Akafukufuku angapo ang'onoang'ono anapeza kuti mankhwala oyengedwa kuchokera mu gotu kola amachepetsako kutupa ndi kulemerako. Tiyenera kumvetsa kuti ofufuzawo ankagwiritsa ntchito mankhwala oyezedwa bwino mlingo wake, pamene ufa wogulitsidwa m'kapepala kopanda chizindikiro palibe amene akudziwa mphamvu yake. Komanso miyendo imatupa pa zifukwa zambiri, monga matenda a mtima ndi a impso, choncho choyamba ndi kukayezetsa.

Nanga za ubongo, zomwe otsatsa amazikweza kwambiri? Mu 2017 ofufuza a ku Thailand anasonkhanitsa akafukufuku omwe anachitika pa anthu, n'kufalitsa zomwe anapeza m'magazini ya Scientific Reports. Sanapeze umboni wamphamvu wakuti gotu kola amawonjezera nzeru kapena kukumbukira. Chomwe chinaonekako ndi chakuti ena ankakhala atcheru pang'ono ndipo mtima unkakhalako m'malo. Kholo lomwe likufuna kugulira mwana wa Fomu 4 botolo la makapisozi kuti akakhoze mayeso lingachite bwino kugula mazira ndi nyali yowerengera.

Tsopano chenjezo, lomwe sililembedwa pa zotsatsa malonda. Mu 2005 madokotala a ku Argentina anafotokoza za amayi atatu omwe anadwala chikasu atamwa mapiritsi a gotu kola kwa milungu ingapo. Chiwindi chawo chinali chitatupa, ndipo anayamba kuchira atasiya kumwa. Zoterezi sizichitikachitika, koma zikutiphunzitsa kuti kudya masamba pang'ono pa chakudya n'kosiyana ndi kumeza mphamvu ya masamba ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi vuto la chiwindi, amene amamwa mowa kwambiri, ndi amene ali pa mankhwala a TB kapena ma ARV, asamwe makapisoziwa asanafunse dokotala, pakuti chiwindi chawo chili kale ndi ntchito yambiri. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa awapewe. Makapisoziwa amabweretsanso tulo kwa ena, choncho sayenera kuphatikizidwa ndi mankhwala ogonetsa. Wodzola mafuta a gotu kola ayambe wayesa pa kachigawo kakang'ono ka mkono, chifukwa khungu la ena limayabwa n'kuchita zidzolo. Maso akayamba chikasu kapena mkodzo ukada, siyani pomwepo n'kupita kuchipatala mutatenga botololo.

Ofuna kudya masambawo asamale ndi kumene awathyola. Chomerachi chimasangalala m'ngalande za m'tauni, ndipo chimayamwa zitsulo zoopsa monga mtovu kuchokera m'madzi oipa. Palinso zomera zina za m'madambo zomwe masamba ake amafanana nacho kwambiri. Njira yabwino ndi kupeza mbewu yotsimikizika, mwina pofunsa akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba, n'kudzala nokha. Kamtsitsi kamodzi kokhala ndi mizu kakaikidwa pamthunzi, pa dothi la manyowa lomwe siliuma, posakhalitsa kamadzaza bedi lonse.

Ku Madagascar nzeru za asing'anga sizinatayidwe, komanso sizinangomezedwa osatafuna. Zinayesedwa, ndipo zomwe zinapezeka zoona zikupoletsa mabala m'maiko ambiri. Ndimalakalaka titamachita chimodzimodzi ndi chitsamba chilichonse chomwe tauzidwa kuti chimachiza. Wogulitsa botolo tizimufunsa kuti muli chiyani, mlingo wake ndi wotani, linavomerezedwa ndi ndani, ndipo sayenera kumwa ndani. Akalephera kuyankha mafunso amenewa, ndalama yathu ibwerere m'thumba.