Msana ukakana kuima pa swala: mafupa osuntha ndi minofu yofooka

Mu mizikiti yathu kuno ku Magaleta simusowa gogo amene amayamba swala ataima, koma pofika rakaa yachiwiri wakhala pansi. Ambiri timangoti ndi ukalamba. Nthawi zina ndi zoona, koma mwa ena fupa limodzi la m'munsi mwa msana limakhala litasunthira kutsogolo, kusiyana ndi linzake la pansi pake. Madokotala amalitcha vutoli spondylolisthesis.

Allah adaumba msana ngati timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pa awiri alionse pali kakhushoni kofewa. M'chiuno muli mafupa asanu otere, amene kuchipatala amawawerenga L1 mpaka L5. Mwa anthu opitirira zaka 50, makamaka amayi, kawirikawiri limasuntha ndi L4 pamwamba pa L5, chifukwa kakhushoni katha ndipo timfundo ta kumbuyo taperepeseka. Mwa achinyamata chimayambitsa ndi kamng'alu ka pafupa la L5. Akajambula X-ray amayeza kuti lasuntha bwanji: likapanda kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwake, ndi giredi 1, ndipo odwala ambiri amakhala pamenepo.

Nanga minofu ikulowapo bwanji? Mafupa paokha sangaime, monga mzati wa khonde suima popanda zougwira. Mkati mwenimweni, moyandikana ndi mafupawo, muli mnofu wotchedwa multifidus, umene umamanga fupa lina ku linzake, ndipo umathandizana ndi minofu ya mkati mwa mimba yozungulira thupi ngati lamba. Zithunzi za MRI za anthu a vutoli zimaonetsa kawirikawiri kuti mnofu umenewu wachepa, ndipo mafuta alowa m'malo mwake. Choipa n'chakuti zinthu ziwirizi zimakokana. Munthu akamva ululu amaleka kuyenda, mnofu n'kufota, fupa n'kusowa choligwira, ululu n'kuwonjezeka. N'chifukwa chake kugona pamphasa mwezi wathunthu, kumene timalangizana mwachikondi, kumaononga.

Wina anena kuti ife timalima ndi kusenza matumba a mbatata m'zitunda za Neno, minofu yathu ingafooke bwanji? Mikono ndi ntchafu zikhoza kukhala zamphamvu pamene timinofu ta mkatiti tatopa. Kuwerama tsiku lonse ndi khasu la mpini waufupi, kapena kunyamula ndowa mokhotetsa chiuno, kumapanikiza malo omwewo.

Chizindikiro chodziwika ndi ichi: ululu umakula ukaima kapena ukayenda, umatsikira m'matako ndi m'miyendo limodzi ndi dzanzi, koma umachepa ukakhala pansi kapena ukawerama. Choncho ena amapeza kuti rukuu ndi yopepuka kuposa kuima nthawi yaitali pa tarawehe. Apa pasakhale manyazi. Imam Bukhari adalemba nkhani ya swahaba Imran bin Husain, amene atadwala adafunsa Mtumiki (SAW) za swala, ndipo adaloledwa kuswali ataima, akalephera atakhala, akalepheranso atagona cham'mbali. Ine ndimaona kuti kudzikakamiza kuima miyendo ikuchita dzanzi n'kukana chifundo chimene tapatsidwa kale.

Ambiri sasowa opaleshoni. Mafizo salibweza fupa m'malo mwake, koma amalimbitsa zoligwira ndi kuchepetsa ululu. Achipatala amaphunzitsa kugona chagada, mawondo atapindidwa, n'kukokera mchombo mkati ukupuma bwino; kapena kugwada ndi manja pansi n'kutambasula mkono umodzi ndi mwendo wa mbali inayo. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse kumathandiza, pamene kupindikira kumbuyo kumawonjezera ululu. Koma yambani mwapimidwa ku Magaleta Health Centre, kumene angakutumizeni ku chipatala cha boma cha Neno kapena ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Kutema mphini pamsana sikufika pafupa.

Pali zina zosadikira kuti kuche. Ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka osadziwa, kapena mkodzo wakanika kutuluka, ngati pakati pa ntchafu pachita dzanzi, kapena miyendo ikufooka msangamsanga, ndiye kuti mitsempha yapanikizika, ndipo kuchedwa kungasiye chilema. Ululu wa msana wobwera ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku ukhoza kukhala TB ya msana, imene imafuna mankhwala akeake. Wodwala wotere mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale litakhala la Jumu'ah.