Amalume abwera na chiwindi chatsopano: musawadwalitse na chikondi

Mwasonkha ndalama, mwayendera mapepala ku Unduna wa Zaumoyo pa Ndeke House ku Longacres, ndipo amalume abwerako ku India na chiwindi chatsopano. Manje komboni yonse ifuna kuwaona. Imani pang'ono.

Thupi limaona chiwindi cha munthu wina ngati mlendo, ndipo limafuna kuchikana. N'chifukwa chake amalume adzamwa mankhwala monga tacrolimus moyo wawo wonse. Mankhwalawa amagonetsa asilikali a m'thupi, ndiye tudoyo twa bakiteriya tumalowa mosavuta: pa chilonda cha opaleshoni, m'mapapo, m'chikhodzodzo, mpaka m'magazi. Miyezi yoyamba ndiye yoopsa maningi.

Ngati mukutsokomola, tumizani chabe moni pa WhatsApp; TB siseka. Mukalowa m'nyumba, sambani m'manja na sopo. Madzi awo akumwa muziwiritsa. Saladi ya pamsewu na michopo yosapsa bwino, ayi mwandi.

Thupi likatentha kufika pa 38, kapena ayamba kunjenjemera, musathamangire pa kantemba kukagula Amoxil. Nyamulani mapepala awo onse a ku India, mupite nawo ku UTH usiku womwewo. Osadikira kuche.