Chifukwa Chake Matabwa a Pansi Amalira

Anzanga ambiri amayesa kuti thabwa la pansi likamalira ndiye kuti nyumba yakalamba. Ine ndikuti iai, mlandu ndi wa chinyezi. M'dzinja thabwa limamwa chinyezi ndi kufufuma, m'chilimwe limauma ndi kuchepa m'lifupi mwake, ndipo zaka zikapitapo msomali umene unaligwira umakhwefuka. Tsono munthu akaponda, thabwalo limatsika ndi kukhulana ndi msomali uja, kapena ndi thabwa linzake, kapena ndi matabwa a m'munsi amene lagonapo. Kulira kuja ndi kumeneku, ndipo ife ochedwa kulowa m'chipinda cha mabuku tikukudziwa bwino!

Ntchito yake imafuna anthu awiri. Wina ayende pang'onopang'ono, wina agwade, amvetsere, nalembe ndi choko pamene pakulirapo. Ngati matabwa angokhulana m'mbali, thirani paudala kapena ufa wa mtima wa pensulo m'mpatamo, nimupondeponde kuti ulowe. Kulira kumaleka, koma mankhwala amenewa sakhalitsa.

Thabwa logwedera lifuna sikuluwu. Kukhomera msomali wina m'dzenje lakale ndi kutaya nthawi, pakuti dzenjelo linakula kale. Koma sikuluwu ali ndi mazinga amene amakoka thabwa ndi kuligwira. Tsatani mzere wa misomali yakale, chifukwa umasonyeza pamene pali mtanda. Mitanda kawirikawiri imatalikirana mainchi 16. Boolani kadzenje kochepa poyamba kuti thabwa lisang'ambike, makamaka kumapeto kwake. Pa thabwa lochindikala inchi imodzi, sikuluwu wa mainchi awiri ndi theka akwana, koma ngati pali matabwa a m'munsi, akhale wotalikirapo kuti afike mu mtanda. Mutu wake ulowe pansi pang'ono, pakuti ambiri a ife timayenda opanda nsapato madzulo. Ndipo musanaboole, funsani akuluakulu ngati pansipo sipadutsa waya wa magetsi kapena paipi ya madzi.

Chimene ine ndimaopa koposa ndi chiswe. Chimadya m'kati ndi kusiya khungu lokha pamwamba. Gogodani thabwa ndi chigwiriro cha hamala. Likamveka ngati ng'oma, sikuluwu sathandiza kanthu. Kauzeni aphunzitsi tsiku lomwelo kuti lichotsedwe ndi kuti mitanda ionedwe, phazi la wina lisanabooke nalo.