Fluorine: Mankhwala Olimbitsa Mano Amene Amathanso Kuwawononga

DAR ES SALAAM – M'magolosale a ku Mwenge mumzinda uno, munthu angagule mchere wokhala ndi ayodini, klorini wothira m'madzi akumwa, ndiponso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Akatswiri a sayansi amaika ayodini, klorini, bromine ndi fluorine m'banja limodzi lotchedwa halogen. Komabe fluorine, amene fluoride amachokerako, ali ndi khalidwe losiyana kwambiri ndi abale akewo.

Chimene chimachititsa n'chakuti atomu yake ndi yaing'ono kwambiri m'banjali, ndipo imakoka maelekitironi mwamphamvu kuposa atomu ina iliyonse. Motero fluorine amagwirana ndi pafupifupi chinthu chilichonse, ndipo akagwira sataya. Klorini anapezeka mu 1774, koma panapita zaka zoposa 100 kuti Henri Moissan wa ku France akwanitse kulekanitsa fluorine ndi zinthu zina mu 1886. Asidi wa fluorine amadya galasi, zimene asidi wa klorini sachita.

Kusiyanaku kumaonekera bwino pa kashiamu, amene amapanga mafupa ndi mano. Kashiamu akaphatikana ndi klorini amasungunuka msanga m'madzi, koma akaphatikana ndi fluorine sasungunuka wamba. N'chifukwa chake fluoride wochepa amakhazikika m'dzino n'kuliteteza kuti lisabooke.

Koma akachuluka m'madzi akumwa amawononga mano a ana amene akukula, ndipo manowo amachita mawanga ofiirira osachoka. Pakapita zaka, mafupa ndi mfundo zimauma mpaka ena kupindika miyendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi, koma madzi ambiri a m'zigawo za Arusha, Manyara ndi Singida amaposa pamenepa chifukwa cha miyala ya kumeneko. Vutoli lapezekanso ku Malawi, monga m'mijigo ya ku Nathenje m'boma la Lilongwe.

Kuphitsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo koma sikuchotsa fluoride. Njira imene akatswiri a ku Ngurdoto, pafupi ndi Arusha, akhala akulimbikitsa imadalira khalidwe lomwe lija. Madzi amasefedwa m'makala a mafupa a ng'ombe, ndipo fluoride amakanirira ku mafupawo asanafike ku mafupa a mwana.