Manambala a m'chipatala amasunga mbiri ya anthu ovulala ndi mabomba a nkhondo

Munthu wamba akavulala ndi bomba lotchera pansi, ntchito ya chipatala siithera pomanga bala lake. Chipatala chimayeneranso kulemba chimene chamuvulaza motsatira ndondomeko yomwe maiko anagwirizana, ndipo nkhaniyi ikukhudza maboma a Machinga ndi Balaka omwe anaona zotsatira za nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique.

Nkhondoyo, yomwe inali pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba m'chaka cha 1977 ndipo inatha pa 4 October 1992 mbali ziwirizo zitasayinirana pangano la mtendere ku Rome. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira m'dziko muno.

Njanji yochokera pa Nkaya ku Balaka kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, yomwe imapitirira ku doko la Nacala, inasokonekera chifukwa cha nkhondoyo, moti m'chaka cha 1987 asilikali a dziko lino anatumizidwa kukaiteteza mbali ya ku Mozambique. Nthawi imeneyo Balaka inali mbali ya boma la Machinga kufikira m'chaka cha 1998.

Mfuti zitaleka kulira, mabomba otchera pansi anatsala m'minda ndi m'tinjira ta ku Mozambique, komwe anthu a m'malire amapitako kukalima, kukachita malonda ndi kukaona abale. Bomba lotere limatha kukhala m'nthaka zaka zambiri lisanaphulike.

Pofuna kuti ovulala oterewa aziwerengeka, bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organisation linakonza buku lotchedwa ICD-10, lomwe maiko anayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1994. M'bukuli nthenda iliyonse ndi kuvulala kulikonse kuli ndi nambala yake.

Munthu wovulala amapatsidwa manambala awiri. Yoyamba imanena za bala lenilenilo, ndipo imayamba ndi chilembo S kapena T. Yachiwiri imanena chomwe chachititsa ngoziyo.

Mwachitsanzo, mlimi wa ku Nayuchi ataponda bomba n'kuduka phazi, bala lake lingalembedwe ndi nambala S98, pomwe akaduka mwendo m'munsi mwa bondo nambala yake ndi S88. Koma manambala amenewa paokha sasiyanitsa mlimiyo ndi munthu amene waduka phazi pa ngozi ya galimoto kapena ya sitima.

Apa ndi pamene nambala yachiwiri imafunika. Zonse zokhudza nkhondo zili pansi pa Y36. Munthu akavulala ndi bomba kapena zidutswa zake nkhondo ili mkati, amalemba Y36.2. Akavulala ndi bomba lotsalira nkhondo itatha kale, amalemba Y36.8. Amene wabwera kuchipatala patapita zaka chifukwa cha mavuto ochokera ku bala lakale la nkhondo, amamulembera Y89.1.

Kuphulika kwa zinthu zosakhudzana ndi nkhondo, monga mabomba ophwanyira miyala, kuli ndi nambala ina, W40. Wolemba akasokoneza ziwirizi, wovulala ndi nkhondo amasowa m'chiwerengero.

Buku la WHO limaika asilikali ndi anthu wamba pansi pa Y36 yomweyo. Dziko la America, lomwe linayamba kugwiritsa ntchito buku lake la ICD-10-CM m'chaka cha 2015, linawonjezera nambala yosiyanitsa magulu awiriwa: Y36.230 ndi msilikali wovulala ndi bomba lopanga pamanja, pomwe Y36.231 ndi munthu wamba. Kumene kulibe nambala yotere, zimadalira dokotala kulemba m'mawu kuti wodwalayo anali ndani, ankatani ndipo anali kuti.

Kufunika kwa zonsezi kumaonekera pa thandizo. Dziko la Malawi linasayina pangano la Ottawa loletsa mabomba otchera anthu mu December 1997 ndi kulivomereza m'chaka cha 1998. Panganoli limapempha maiko kuthandiza ovulala kuti achire ndi kuyambanso kudzidalira. Popanda chiwerengero cholondola, n'kovuta kudziwa kuti pakufunika miyendo yopanga, ndodo zoyendera ndi njinga za olumala zingati, ndiponso kuti zipite m'dera liti.

Kaundula wolembedwa bwino amathandizanso akatswiri ochotsa mabomba, chifukwa malo amene munthu wavulalira amasonyeza komwe ayenera kukafufuza.

Atachita kafukufuku mothandizidwa ndi bungwe la Norwegian People's Aid, Malawi inalengeza m'chaka cha 2008 kuti ilibe malo odziwika okhala ndi mabomba otchera pansi, ndipo Mozambique inalengeza chimodzimodzi mu September 2015. WHO nayo inakhazikitsa buku latsopano la ICD-11 m'chaka cha 2022, koma mfundo yolemba bala pamodzi ndi chomwe chalichititsa sinasinthe.

Ngakhale zili choncho, amene anavulala m'zaka za nkhondo akufunikabe chithandizo. Choncho wodwala wotere, kapena womuperekeza, akafika pachipatala cha Machinga ku Liwonde, cha Balaka kapena chachikulu cha Zomba, ayenera kufotokoza momveka bwino chaka, malo ndi chinthu chomwe chinamuvulaza.

Ndipo aliyense wopeza chitsulo chachilendo m'munda kapena m'tchire asachigwire, koma akadziwitse mfumu ya m'deralo ndi apolisi mwachangu.